Dayisi Inasankha Mlongo Wanga

Sonkhezera mbali yakoyo, Dikisoni, moto ukufa. Njerwa za eni akezi zikatuluka zosapsa adzatukwana ine, osati iwe. Enanunso dzukani, pano palibe wogona. Mwakhala mukundinena kumbali kuti ndine wankhanza, sindilola munthu kutseka maso pa uvuni wanga. Chabwino, lero mumva chifukwa chake. Koma wina akaseka ndimusonkhezera pamodzi ndi nkhunizi.

Ndisanayambe zowotcha njerwazi ndinkakhala ku Chinsapo ndi mlongo wanga Ndaziona. Iye ankagwira ntchito pa kachipatala kena kapulaiveti, kutsuka ndi kumanga mabala. Anali wofatsa mpaka kukwiyitsa, munthu woti nkhuku ikalowa m'nyumba ankachita kuipempha kuti ituluke. Tinali ndi anzathu awiri. Wina anali Tsogolani, wokonza mafoni pamsika, kamunthu kowonda kokonda malamulo ngati kanabadwira kukhoti. Wina anali Waisoni, wakabaza wa njinga yamoto, chimphona chamanzere, choti chikaseka agalu a kwa aneba ankayamba kuuwa. Waisoni ndi Ndaziona ankafunana. Ankayesa kuti sindikudziwa, ngati ine maso ndinasiya kumudzi.

Tsogolani uja anatola chibuku china m'belo la kaunjika, chachingerezi, chopanda chikuto, pamodzi ndi kathumba ka madayisi. Osati aja a ludo ayi. Anali amitundumitundu, ndipo imodzi inali yaikulu, yofiira, ya mbali makumi awiri. Masewera ake ndi otere. Mmodzi amakhala mwini nkhani, amakuuzani kumene muli ndi chimene chikukudzerani. Enanu aliyense ali ndi munthu wake wa m'nkhanimo, wokhala ndi ntchito yake. Ukafuna kuti munthu wako achite kanthu, kaya kukantha mdani kaya kulumpha mtsinje, umaponya dayisi, ndipo iyo ndi imene imanena ngati zatheka. Ukapambana umalandira mapointi, mapointi akachuluka munthu wako amakwera sitepe, mphamvu n'kuwonjezeka. Zachibwana eti? Ifenso tinkatero, mpaka tinangozindikira kuti Loweruka lililonse tili pamphasa, anthu andevu zathu, tikutukwanirana chinjoka chosaoneka.

Tidole ta masewerawo tinalibe, ndiye aliyense anali ndi kanthu komuimira pamphasapo. Ine ndinali ndi nati ya wilibala. Ndaziona anali ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso. Waisoni anali ndi pulagi yakutha ya njinga yake. Tsogolani analibe kanthu, poti ndiye anali mwini nkhani. Ine ndi Waisoni tonse tinasankha ntchito ya wankhondo, koma iye, poti sankadziwa kubwerera m'mbuyo, anakwera ndi nkhwangwa yake mpaka sitepe yachisanu ndi chinayi. Ndaziona anasankha using'anga ndipo anatsalira m'munsi, pa sitepe yachitatu, chifukwa yake inali kungotipoletsa ife tikavulala.

Malamulo awiri okha muwagwire. Loyamba limati munthu mmodzi angathe kusenza ntchito ziwiri, koma ngati ina yaitalikira inzake, pali chilango. Pa zisanu zilizonse zimene ali nazo, chimodzi chimachotsedwa, ndipo zimapitirira choncho mpaka ntchitozo zitalingana. Tsogolani ankalikonda lamuloli, ankati ngakhale azungu amadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Lachiwiri limati munthu wako akafa angathe kubadwanso. Pamafunika kachidutswa ka thupi la wakufayo, mnzake wotsala n'kumuponyera dayisi, ndipo thupi latsopanolo susankha wekha, imasankha ndi dayisiyo. Utha kufa uli mfumu n'kudzuka uli fisi.

Loweruka lina nkhondo ili pakati, foni ya Waisoni inalira. Anati ndi kasitomala, akufuna kukatulidwa ku Likuni.

"Kwada, asiyeni apeze wina," anatero Ndaziona.

Waisoni anangomwetulira, n'kuvala chipewa chake cha panjinga. Ali pakhomo analoza pulagi ija. "Aise Tsogo, nthawi yanga musandidumphe. Ndikubwera."

Anakamupeza pa kamlatho ka kudambo, njinga atamulanda. Amene anaona ali patali anati anali anyamata atatu. Anamutema ndi zikwanje m'mutu, m'mapewa, ndi m'mikono mmene ankatchingira, moti dzanja lamanzere linangotsala lendelende. Tinafika akupumabe. Ndaziona anavula chitenje chake n'kumumanga nacho mutu, magazi akudutsa m'mipata ya zala zake. Ankamuitana dzina, iye ankangotsegula pakamwa. Anatsirizikira pamiyendo pake galimoto isanapezeke.

Tinakamuika kwawo ku Mitundu. Titachoka kumanda, amalume ake, bambo osalankhulalankhula a maso ofiira, anatiitanira pambali ife a m'tauni.

"Ana inu, chilichonse cha malemu chimene chili kwanuko, ngakhale singano, mubweze kuno. Ndipo musamamuitane mwachisawawa mpaka tidzamete kachiwiri. Munthu wofa ndi chitsulo sakhazikika msanga. Amayendayenda kufuna pokhala."

Tinavomera ndi mitu yomwe. Tinabweza zovala, nsapato, bulangete, ngakhale chipewa chija chong'aluka pakati. Za pulagi palibe anaganiza. Ndani angakwere minibasi kukatula pulagi yakutha kwa amalume a munthu?

Ndaziona sankalira, ndipo zimenezo zinkandiopsa kuposa akadalira. Ankapita kuntchito, kubwera, kukhala pakhonde kuyang'ana msewu. Tsiku lina madzulo iye yemwe anandiyamba.

"Achimwene, itanani Tsogolani. Tinamusiya Waisoni nkhondo ili pakati."

Ine ndinasangalala, ndinkati mwina mtima wayamba kumasuka. Magetsi anali atazima monga mwa masiku onse, tinayatsa kandulo n'kuyala mphasa. Tsogolani anakhosomola, n'kulankhula ndi ulemu umene sindinkamudziwa nawo.

"Chemwali, munthu wopanda mwini sangasewere. Ndinene kuti wankhondo uja anagwa pankhondo, timuike mwaulemu m'nkhanimo, zithe."

"Wagwa, ndamva," anatero Ndaziona. "Ndiye abadwenso."

Apa Tsogolani akanangoti ayi, lero bwenzi ine ndili m'tulo kwathu. Koma munthu uja lamulo linkamutsogolera pakamwa. Anati, "Sizingatheke, chemwali. Pamafunika kachidutswa ka thupi." Ankayesa kuti watseka nkhani.

Ndaziona anadzuka n'kulowa kuchipinda. Anatuluka ndi chitenje chija. Sanachichape. Chinali chitauma gwa ngati chikopa, chakuda, tsitsi la Waisoni litamatirira m'mphepete. Anachipinda bwinobwino n'kuvundikira nacho pulagi ija. Ndinayang'ana Tsogolani, iye anayang'ana m'buku, ngati bukulo limuuza kothawira.

Mlongo wanga anatola dayisi yofiira ija n'kuponya. Inagubuduzika kudutsa pamphasa, kupitirira buku, mpaka kumapeto kwa mphasayo. Kenako inakhota. Ndinaona ndi maso angawa, inakhota n'kubwerera, n'kudzatsamira kabotolo kake kaja. Inaima chopendekera, popanda nambala yoyang'ana kumwamba.

Tinali ndi lamulo lathu lapamphasa, lakuti dayisi siponyedwa kawiri, pamene yagwera m'pomwepo. Tsogolani anaseka kuseka kopanda mano.

"Ndiye kuti wabadwira mwa sing'anga. Thupi limodzi, ntchito ziwiri. Koma zatalikirana kwambiri, chemwali. Chilango chilipo."

"Ndalola," anatero Ndaziona.

Kunja kunamveka njinga yamoto ikubwera pang'onopang'ono, yopanda nyali. Inafika pakhomo pathu, phokoso n'kutha. Sitinaimve ikupitirira. Ndinatsegula chitseko, panalibe kanthu, koma fungo la petulo.

Zinayamba ndi tinthu tosapweteka. Ndaziona akagula mandasi asanu, pofika pambale anayi. Mazira chimodzimodzi, makandulo chimodzimodzi. Ndinatukwana makoswe, kenako ndinatukwana ana a aneba, mpaka mayi awo anandiyankha zoti sindingabwereze pano. Usiku pamalata pankamveka kanthu kakugubuduzika, gogogo, n'kuima. Kenako zii, ngati wina akudikira kuti muwerenge. Nkhwangwa yathu yowazira nkhuni inkakhala kuseri kwa chitseko. Ndinayamba kuipeza m'mawa ili pamalo pake pomwepo, koma yonyowa, yotsukidwa bwino.

Ndiye mlongo wangayo. Tsiku lina ndinamupatsa kapu ya tiyi, analandira ndi dzanja lamanzere. Mayi athu akanakhala moyo akanamumenya ndi chipande. Ndinamuyang'ana, iye anayang'ana dzanjalo ngati la mlendo. Tsiku linanso ndinapunthwa pakhomo n'kugwa ndi ndowa, iye anaseka. Sikunali kuseka kwake. Kunachokera pansi pamimba, ndipo agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. Anadzigwira pakamwa n'kuthawira kuchipinda.

Anayamba kutha. Siketi ankachita kuimanga ndi pini. Tsitsi linkatsalira m'chipeso, dzino lina linagwera m'phala. Kachala kakang'ono ka kumanja kanazizira n'kutuwa ngati phulusa. Kuchipatala kwawo anamuyeza zonse, sanapeze kanthu.

Madzulo ena ndikuchokera kuganyu ndinadutsa pa kamlatho kaja. Pachitsulo cha m'mbali panakhala munthu, wamkulu thupi, atavala chipewa cha panjinga chong'aluka pakati. Chipewa chimene ine ndinakatula ndi manja anga ku Mitundu. Galasi lake linali lotseka, ndipo sindikufuna mundifunse zimene zinali kuseri kwake, chifukwa sindinayang'ane. Ndikudutsa anati, "Aise, nthawi yanga yakwana?" Sindinayankhe. Miyendo inkangoyenda yokha. Mayi wina wosenza ndowa anadutsa pafupi naye mpaka chitenje kumukhudza, koma sanacheuke n'komwe.

Patapita masiku ochepa, m'dimba la kuseri kwa msika munapezeka mnyamata wina wotchedwa Sikelo, wodziwika ndi zakuba njinga. Anamutema m'mutu, m'mapewa, m'mikono, malo omwe aja anatemedwa Waisoni. Khutu lina analitola pamzere wa mpiru. Koma anthu sankakamba za kutemako. Ankakamba zoti bala lililonse linali lotsukidwa, lomangidwa ndi bandeji yoyera, mfundo yake itabisidwa mwaluso kumbali. Ine mfundo imeneyo ndinkaidziwa, mlongo wanga anandimangapo nayo pa bondo. Sikelo anakhala moyo mpaka masana, akukuwa kuti amene ankamutema ndi yemweyo ankalira n'kumati pepani, pepani.

Wachiwiri mwa anyamata atatu aja anamupeza m'ngalande. Ameneyo anamuwaza ngati chitsa, nthiti zili pamtunda. Bandeji inali pa mkono umodzi wokha, yomangidwa theka, yotsalayo ikuyandama m'madzi.

Tsogolani anabwera kwathu osagogoda n'komwe. Anandikokera kuseri kwa bafa.

"Amwene, mwaona? Wankhondo akapha amakwera sitepe. Sing'anga sakukwera, chifukwa odwala ake akumufera. Mpata ukukula, ndipo chilango sichisiya."

"Iwe, usandiuze zamasewera, mlongo wanga akudwala!"

Ndisanamalize tinamva mbale ikugwa. Ndaziona anali pa beseni akutsuka ziwiya. Kachala kaja kanali katathothoka, kakuyandama m'thovu la sopo, popanda ngakhale dontho la magazi. Anakatola, kukayang'ana, kenako anatiyang'ana ife.

"Chimodzi pa zisanu," anatero. "Achimwene, ine ndimakhala ndili maso zikamachitika. Ndimaona zonse ngati ndili pawindo, koma manja sandimvera mpaka iye atatopa. Poyamba ankandisiyira nthawi yomanga. Dzana sanandisiyire. Akakamupeza wachitatu, sindikhulupirira kuti ine nditsalamo."

Tsogolani ananong'ona ngati akudziwerengera yekha. "Mikono iwiri, miyendo iwiri, mutu. Nazonso ndi zisanu."

Ndinamumenya khofi pomwepo. Koma ndinkadziwa kuti sakunama, ndipo mantha amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Makolo athu anapita kale, mlongo wangayo ndiye anali mtundu wanga wonse.

M'mawa mwake ndinatenga pulagi ija, kuikulunga m'pepala, kuika m'thumba la malaya n'kutseka ndi pini. Ndinafika nayo ku Mitundu pini ili chitsekere, pepala lili chikulungire, mkati mulibe kanthu. Amalume aja anamvetsera zonse akusenda chimanga, osandiyang'ana.

"Tinakuuzani. Kumeta kwachiwiri kukadali kutali, ndipo sitingafulumizitse chifukwa cha inu. Mwamuitana ndi mwambo wanu, kamutulutseni ndi mwambo wanu womwewo. Ife wanuwo sitiudziwa."

Pobwerera ndinapeza pulagi ili pamphasa, pambali pa kabotolo.

Usiku umenewo tinakhalanso atatu, kandulo pakati. Nkhwangwa ndinali nditaibisa padenga la chimbudzi cha aneba. Ndaziona anakhala chogwada, mutu uli pansi, mafupa a m'khosi akuwerengeka. Tsogolani anaika dzanja lake pabuku ngati mboni kukhoti.

"Ine mwini nkhani ndikulamula kuti zonse zija zafafanizidwa. Kubadwanso kuja sikunachitike. Masewera atha."

Sindinaone kumene nkhwangwa inachokera. Ndinangomva kuti khaa! Inadula zala ziwiri za Tsogolani, kudutsa buku lonse, n'kukalowa m'simenti. Magazi anathovokera pakandulo mpaka lawi linalira. Tsogolani anakuwa ngati mbuzi. Dzanja lamanzere la Ndaziona linali likuzula nkhwangwa ija, lamanja likufufuza bandeji m'thumba la yunifolomu, maso akutsika misozi. Ndipo pakamwa pake panatuluka mawu aakulu, odekha, oti ndinkawadziwa bwino.

"Ndinati musandidumphe."

Ndinamulumphira kumbuyo kuti ndimugwire. Kamunthu koti mphepo ikanakagwetsa, kanandinyamula n'kundimenyetsa kukhoma. Mano awa mukuona kuti palibewa anatsalira pamenepo. Ndinagwa, nkhwangwa inadutsa pamwamba pa mutu wanga n'kugumula pulasitala. Anaikwezanso.

"Tisewera!" anakuwa Tsogolani, atapanira dzanja m'khwapa. "Tisewera mwa malamulo! Khala pansi, Waisoni, nthawi yako ikubwera!"

Nkhwangwa inaima m'mwamba. Kenako mlongo wanga anakhala pansi mwachimuna, miyendo tang'a, nkhwangwa pamiyendo. Dzanja lamanja lokha linakwawa pamphasa mpaka kwa Tsogolani n'kuyamba kumumanga, ndi zala zinayi, mfundo kumbali.

Tsogolani analankhula mano ali chilumire. "Njira ndi imodzi, amwene. Thupi la ntchito ziwirilo life m'nkhanimo, kenako aliyense abadwe payekha. Tsopano ndi nthawi yanu. Wankhondo wanu waima kumbuyo kwa sing'anga. Mukutani?"

Mundimvetse, anali masewera, nati ndi kabotolo pamphasa. Koma kutema mlongo wanga, ngakhale m'nkhani, kunandikanika. Ndaziona anadzutsa mutu, ndipo kwa kanthawi maso anali ake.

"Temani, achimwene."

"Ndikutema," ndinatero, n'kuponya. Dayisi inagwa pa makumi awiri, nambala yoposa zonse.

Mlongo wanga anagwa chammbali ngati thumba, mutu kumenya pansi. Nkhwangwa inagubuduka. Ndinaika khutu pachifuwa pake, munali zii. Ndinayamba kumugwedeza ndikukuwa, koma Tsogolani anandikankha ndi phazi.

"Kachidutswa! Fulumirani!"

Kachala kaja Ndaziona anali atakasunga m'bokosi la machesi pawindo. Ndinakaika pa kabotolo n'kuponya dayisi. Inazungulira, kuzungulira, n'kudzatsamira kabotolo komweko. Ndaziona anakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'chitsime, n'kuyamba kutsokomola. Ndinalira, anyamata, sindibisa. Ndinalira ngati mwana.

"Basi," ananong'ona Tsogolani. "Winayo musamuponyere. Akhale wakufa."

Apo m'pamene njinga inalira pakhomo. Osati kubwera kuchokera kumsewu, inangoyambira pakhomo pomwepo. Pamalata kanthu kaja kanayamba kugubuduzika uku ndi uku osaima. Chitseko chinayamba kufutukuka pakati ngati wina wachitsamira ndi phewa, mahinjesi akulira. Fungo la petulo linadzaza nyumba mpaka m'maso kuwawa. Ndinayang'ana pamphasa. Chitenje chija chinkasuntha. Pulagi inali kukwawa pansi pake, pang'onopang'ono, kulunjika kabotolo. Ndipo zala za kumanzere za Ndaziona, iye ali chikomokere, zinayamba kupindika chimodzichimodzi ngati zikugwira mpini.

Ndinaona kuti tikapanda kumuponyera adzilowera yekha. Ndinaonanso kuti ndikaponya pamphasa, dayisi ija ikudziwa kale njira yake. Ndiye ndinatola nati yanga kuika m'chikhato, ndinaponya dayisi m'mwamba, ndipo ikutsika ndinaiwakha ndi dzanja lomwelo n'kufumbata.

"Pamene yagwera m'pomwepo," ndinatero. "Si lamulo lako, Tsogolani? Nena!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, magazi akudontha m'chigongono.

"Yagwera pa nati," anatero. "Wabadwira mwa wankhondo. Wankhondo ndi wankhondo, ntchito ndi imodzi. Palibe chilango."

Atatero anayamba kulira. Ine ndinkayesa akulira zala zake.

Njinga inazima. Pamalata panati zii. Dzanja la Ndaziona linatambasuka, ndipo anagona tulo mpaka dzuwa kufika pamutu. Ine sindinamve chilichonse, kupatula njala. Ndinadya zonse zimene zinali m'nyumba.

Mlongo wanga anachira. Thupi linabwerera, tsitsi linamera, akagula mandasi asanu ankadya asanu. Lero ali ku Mchinji, ali pabanja, ali ndi ana, akumangabe mabala ndi zala zake zinayi. Zimenezo ndiye ndinkafuna, ndipo mutandibwezera pamphasa paja ndikhoza kuwakhanso dayisi ija.

Wachitatu uja anapezeka mwezi wotsatira, kuseri kwa chigayo. Anamuzindikira ndi nsapato. Panalibe bandeji, ngakhale kachidutswa. Ine m'mawa umenewo ndinadzuka mapewa akuwawa bwino, ngati munthu amene wagwira ganyu yabwino. Sindinaonde, sindinathothoke tsitsi. Mumadabwa kuti ndimawaza bwanji zitsa usiku wonse osapuma. Palibe chimene chimachotsedwa kwa ine, ndipo mulibenso wina mkatimu wonena kuti pepani.

Ndinkati poti atatu aja atha, akhazikika. Nthawi ya kumeta kwachiwiri itakwana ndinapita ku Mitundu ndi mtima umenewo. Anthu anakhala pamzere pansi pa mtengo, amalume aja akudutsa ndi lumo. Anameta wa kumanja kwanga. Atafika pa ine anaima, kundiyang'ana m'maso nthawi yaitali, n'kupukuta lumo pa thalauza.

"Munthu sameta maliro ake omwe," anatero, n'kupita kwa wotsatira.

Ndaziona amandikonda, koma kwake sandilola kugona. Ndikapita amandilandira pakhonde, ana atawatumiza kwa aneba, ndipo dzuwa likapendeka amandiperekeza yekha kokwerera. Mwezi ukatha amanditumizira kaphukusi pa minibasi. Mulibe mawu, muli mabandeji okhaokha. Ali m'chikwama icho chili pamtengocho. Ine kumanga bala sindidziwa, ndiye ngati pali amene amadziwa pakati panu, ndi bwino anzake amudziwiretu.

N'chifukwa chake ndinasankha ntchito ya usiku, ya pagulu, pamoto wowala. Maso a anthu akakhala pa ine, amachita manyazi, amakhala phee. Amadikira mpaka aliyense atagona.

Iwe Dikisoni, ukuyang'ananji? Eya, chikunicho ndaponya ndi lamanzere, ndaona. Tenga nkhwangwayo ukhalire, ndipo usandipatse ngakhale ndikupemphe mokoma bwanji. Enanu sunthirani kuno kowala, tikambe zina mpaka kuche. Koma ndikadzangotembenuka n'kukufunsani ngati nthawi yanga yakwana, musayankhe. Thawani, njerwa zipse zokha.